Khomo Likatsekeka M'maselo Athu

Anzanga, pa phunziro la Bayoloje ndachita chidwi ndi mitochondria, tizigawo ta m'maselo timene timapatsa thupi mphamvu. Mwa anthufe, tizigawoti timadzipangira mapuloteni 13 okha. Ena oposa 1,000 amapangidwa kunja nalowa pa makomo otchedwa TOM ndi TIM.

Puloteni ina, PINK1, imati ikalowa imadulidwa msanga. Koma kachigawo kakavulala, khomo la TIM limalephera kuilowetsa, ndipo PINK1 imaunjikana kunja. Pamenepo imaitana inzake, Parkin, imene imaika chizindikiro kuti selo liphwanye kachigawo kovulalako.

Mapuloteni awiriwa akaonongeka, maselo ena a mu ubongo amafa. Izi zimayambitsa mtundu wina wa matenda a Parkinson, onjenjemeretsa manja, munthu asanakalambe.