Pogula Masheya a Dayamondi, Funsani za Matani

M'mwezi wa November 1991, pamene kampani yaing'ono ya ku Canada yotchedwa Dia Met inalengeza kuti yapeza timiyala ta dayamondi 81 m'thanthwe lolemera makilogalamu 59, limene linabooledwa ku Point Lake, m'dera la chisanu la Lac de Gras, anthu amene anali asanagwirepo dayamondi m'manja anathamangira kumsika wa masheya, nagula chilichonse chotchula dzina la dera limenelo. Iwo amene anagula masheya a Dia Met anadalitsika, pakuti mgodi wa Ekati unatsegulidwa mu 1998. Koma ena amene anatsanulira chuma chawo pa malo apafupi, otchedwa Tli Kwi Cho, anabwerera manja ali m'khosi mu August 1994, kampani ya Kennecott itakumba miyala yochuluka n'kupeza kuti dayamondi wake ngwochepa ndiponso wa mtengo wotsika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chotero munthu wogula masheya ayenera kudziwa kuti chikalata chimene akuwerenga chafika pa sitepe iti. Uthenga woyamba umanena za mchenga wa garnet ndi ilmenite, umene umangolozera kumene kuli mwala wa kimberlite, umene dayamondi amapezekamo. Ku Botswana, kumene mgodi wa Orapa unapezeka mu 1967, ngakhale chiswe chinathandiza ofufuza potulutsira mchenga wotere pamwamba. Kenaka amaboola pansi, nawerenga timiyala tochepa ngati fumbi, timene palibe angatigule. Zonsezi n'zizindikiro chabe, pakuti mwa malo 100 a kimberlite amene apezeka, pafupifupi amodzi okha ndiwo amasanduka mgodi.

Mafunso olemera amadza pambuyo: pansipo pali matani angati, m'matani 100 alionse mukutuluka makarati angati (karati imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a gramu), ndipo karati iliyonse igulidwa madola angati? Funso lotsirizali ndilo limasokoneza ambiri, chifukwa silingayankhidwe kufikira atasonkhanitsa makarati zikwi kuti akatswiri awaike pa mtengo. Mgodi wa Letšeng, pamwamba pa mapiri a Lesotho, sufika makarati awiri pa matani 100, ndipo kampani ya De Beers inautseka mu 1982. Komabe utatsegulidwanso, mu 2006 unatulutsa mwala wa makarati 603 umene unagulidwa madola 12.4 miliyoni.

Nkhani ya Karowe, ku Botswana komweko, ndiyo imandichititsa kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. De Beers inayesa malowa, amene ankatchedwa AK6, m'zaka za m'ma 1970, niwasiya monga opanda phindu; komatu zitsanzo zochepa sizigwira miyala ikuluikulu, imene imabisala patalipatali. Koma kampani ya Lucara, imene masheya ake amagulitsidwa ku Toronto, Stockholm ndi Gaborone, itayamba kukumba mu 2012, inapeza Lesedi La Rona wa makarati 1,109 mu November 2015, Sewelô wa makarati 1,758 mu 2019, ndi wina woposa makarati 2,400 mu August 2024. Ngakhale pamenepo wowerenga achenjere ndithu, chifukwa kukula kwa mwala sindiko mtengo wake: Sewelô anali wakuda, wosayera ngati Lesedi La Rona, ndipo masiku ano dayamondi wopangidwa m'mafakitale watsitsa mitengo ya miyala wamba.

Ndipo mwala sukhala ndalama kufikira wogula atalipira. Lesedi La Rona anaikidwa pa okishoni ya Sotheby's ku London mu June 2016. Opikisana anafika madola 61 miliyoni, eni ake anakana, masheya a Lucara nagwa tsiku lomwelo. Mu September 2017 kampani ya Graff inagula mwalawo madola 53 miliyoni.