Ndalama ya kampeni ili ndi eni ake

Pamaliro a kwathu ku Nsipe, m'boma la Ntcheu, sipalephera kukhala munthu wa kope ndi cholembera. Aliyense wopereka chipepeso amalembedwa, ndipo mwambo usanathe wina amaimirira nawerenga mokweza: a mpingo apereka mwakuti, akuchimuna mwakuti, bokosi tagula mwakuti, zatsala ndi izi. Wosunga kopeyo atati aoneke mawa lake ndi nsapato zatsopano zogula ndi chipepeso, mudzi wonse ungamutche dzina limodzi lokha. Palibe angayambe wafunsa kuti lamulo lake lili pandime iti.

Koma abale ndi alongo, ndalama ikangokula n'kuyamba kutchedwa ya kampeni, pakamwa pathu pamatsekeka. Tidaona galimoto za zipani zikudutsa mumsewu wa M1 mu 2019, mu 2020 ndi mu 2025, nsalu ndi zipewa zikugawidwa. Ndi angati mwa ife adafunsa kuti adapereka ndalamazo ndani, nanga zotsala zidalowa m'thumba la yani?

Lamulo lilipo ndithu. Mu 2018 dziko lino lidakhazikitsa lamulo latsopano la zipani za ndale, limene lidayamba kugwira ntchito pa 1 Disembala chaka chomwecho. Limalamula chipani kuulula kwa Mlembi wa Zipani mphatso iliyonse yoyambira K1 miliyoni ngati yachokera kwa munthu, kapena K2 miliyoni ngati yachokera ku bungwe kapena kampani. Chomvetsa chisoni n'chakuti ofesi ya mlembiyo idakhala zaka zoposa zisanu yopanda mwini wake weniweni, kufikira pamene Kizito Tenthani adasankhidwa mu 2024.

Chaka chomwecho cha 2018 chidationetsa chifukwa chake lamuloli lidali lofunika. Lipoti la bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB lidatuluka poyera, likunena kuti kampani ya Pioneer Investments, imene idapatsidwa ntchito yoperekera chakudya ku polisi, idaika K145 miliyoni ku akaunti ya chipani cha DPP. Wosayinira akauntiyo adali munthu mmodzi, Peter Mutharika, amene adali mtsogoleri wa dziko ndi wa chipani. Akunyumba ya boma adati idali mphatso yopita ku chipani, ACB idati mtsogoleriyo sadapindulepo payekha, ndipo chipani chidalonjeza kubweza ndalamazo. Sitikuweruzanso mlandu pano. Tikungoti thumba la gulu likakhala ndi dzanja limodzi lolitsegula, ngakhale mwini dzanjalo akhale woyera mtima, alibe mboni. Ndipo chizolowezi chosasiyanitsa chuma cha chipani ndi cha mtsogoleri wake si cha chipani chimodzi ayi.

Ku America malire ake adawalemba momveka. Bungwe la Federal Election Commission limafunsa funso limodzi: kodi munthuyu akadapanda kuima pachisankho, akadalipirabe chinthu chimenechi? Ngati yankho ndi inde, monga lendi ya nyumba yogonamo, chakudya cha pakhomo kapena ulendo wokapuma, ndalama ya kampeni isakhudzidwe. Phungu Jesse Jackson Jr adalamulidwa mu 2013 kukakhala kundende miyezi 30 chifukwa chodya madola pafupifupi 750,000 a kampeni, ena mwa iwo atagulira wotchi yagolide. Mnzake Duncan Hunter wa ku California adavomera mlandu wonga womwewo mu 2019; pazimene adalipira padali ngakhale tikiti ya ndege ya kalulu woweta wa banja lake. Adamugamula miyezi 11, koma Donald Trump adamukhululukira mu Disembala 2020 asanalowe n'komwe m'ndende. Kumenekonso, zikuoneka, lamulo limafooka likakumana ndi chibale cha ndale.

Nkhaniyi si yachilendo kwa owerenga Malembo. Yohane, pamutu 12, akutiuza kuti Yudasi Isikariote ndiye ankasunga thumba la ophunzira ndipo ankatapamo. Ankaoneka woganizira osauka kuposa onse, pamene thumba adali kulisunga yekha. Paulo adachita mosiyana. Posonkhanitsa thandizo la Akhristu osauka a ku Yerusalemu, sadafune kuti ndalamazo ziyende ndi iye yekha. Pa 2 Akorinto 8 tikumva kuti padali Tito komanso mbale wina wosankhidwa ndi mipingo yomwe idapereka. Paulo sadali wakuba. Ankadziwa kuti pa ndalama za anthu kukhulupirika kuyenera kuoneka ndi maso, ndipo sadaone ngati chipongwe kuperekezedwa. Andale athu ambiri, mukawafunsa za kope, amayankha ngati mwawatukwana.

Tsono chala chisaloze kutali kokha. Wopikisana akalandira ndalama zoti asindikizire zithunzi ndi kuyendera midzi, ndi ife timam'dikira pakhomo mbandakucha, wina akufuna feteleza, wina fizi ya mwana, wina ya mayendedwe a kuchipatala. Zosowa zake n'zoona, sitikana. Koma munthu amene tam'phunzitsa kuti ndalama ya kampeni ikhoza kupita kulikonse popanda risiti, adzavutika bwanji kugulirako malata a nyumba yake?

Pano mpingo ukukhudzidwa mwachindunji. Lamulo la 2018 lija limaletsa andale kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, koma lidapatulapo zopereka za chipembedzo zimene sizilengezedwa. Mawu akuti sizilengezedwa ndiwo timawadumpha. Nyengo ya chisankho ikafika, alendo olemekezeka amachuluka pa Pepa Sande, envulopu imakwezedwa m'mwamba, chiwerengero chimatchulidwa pachinkuzamawu, amayi nalulutira. Ngati ndalamayo ndi ya m'thumba mwa woperekayo, kulengezako kwaisandutsa kampeni. Ngati ndi ya kampeni, ndiye kuti wapereka kwa Mulungu m'dzina lake chinthu chimene ena adam'sungitsa pa ntchito ina. Msungichuma wa mpingo asanalembe risiti, ali ndi ufulu wofunsa mlendoyo mwaulemu kuti envulopuyi yachokera m'thumba liti mwa awiriwa.