Thanki Ndi Yaikulu, Koma Shawa Ikungodontha

Kuseri kwa nyumba zambiri za ku Area 49 mu Lilongwe kapena ku Chirimba mu Blantyre kuli mathanki a pulasitiki okhazikidwa pansanja zachitsulo. Eni ake adagula kuti madzi akasiya m'mipopi asamasowe mtengo wogwira. Koma ambiri akalowa m'bafa m'mawa, shawa imangoti tho! tho! mpaka sopo kuuma pathupi. Ena amathamangira kukagula thanki ina yaikulu, ndalama n'kulowa m'madzi, shawa ikadali momwemo.

Chimene chimakankha madzi ndi kutalika kwa pamene achokera. Kuchuluka kwake kulibe gawo. Blaise Pascal wa ku France adalongosola zimenezi m'zaka za m'ma 1600, ndipo m'pamene pagona nzeru ya mipopi ya m'midzi yoyenda popanda pampu, monga ya ku Chingale yomwe idayamba mu 1968 kutenga madzi m'phiri la Zomba. Thanki ya malita 500 ndi ya malita 5,000, madzi ake akalekeza pamlingo umodzi, zimakankha mofanana.

Masamu ake ndi apafupi. Mamita 10 opita m'mwamba amapereka mphamvu pafupifupi 1 bar, choncho mita imodzi ndi 0.1 bar. Apa m'pamene anthu amasokonezeka, chifukwa amayeza nsanja kuchokera pansi. Nsanja ikakhala ya mamita atatu, mutu wa shawa uli mamita awiri kuchokera pasimenti, yatsala ndi mita imodzi yokha. Thanki ikadzaza, madzi a m'kati amawonjezerapo pang'ono, n'chifukwa chake shawa imachitako bwino madzi akangobwera kumene n'kufooka akamatha. Poyeza, yambirani kunsi kwa thanki, potulukira madzi, kutsika mpaka pamutu wa shawa.

Ngati malo ndi otsetsereka ndipo tepi siyikuthandiza, bwerekani paipi yoonekera m'kati ija amisiri omanga amaonera levulo. Ilumikizeni potulukira shawa, mbali inayo muitulutse pawindo n'kuikweza m'mwamba ndi nsungwi. Mukatsegula mpopi, madzi amakwera pang'onopang'ono n'kukaima pamlingo wa madzi a m'thanki. Ikani chizindikiro pansungwipo, muyeze kuchokera pamenepo kutsika mpaka pamlingo wa mutu wa shawa. Geji wamba woyezera mphamvu ya madzi wolekeza pa 10 bar sathandiza kwenikweni pano. Muvi wake sugwedezeka n'komwe.

Ngakhale kutalika kukhale kokwanira, mapaipi amadyako mphamvu. Paipi ya hafu inchi yoyenda mtunda wautali, yokhotakhota m'makona, imatopetsa madzi kuposa ya inchi imodzi. Kuti mudziwe pamene pali vuto, tcherani ndowa ya malita 10 pashawa, muwerenge nthawi. Chotsani mutu wa shawa mubwerezenso. Ndowa ikadzaza msanga kachiwiriko, vuto lili pamutupo: mwina timabowo tatsekeka ndi dzimbiri ndi mchenga, kapena ndi mutu wopangidwira madzi amphamvu a m'paipi ya bodi yamadzi. Mipopi yambiri yonyezimira yosakaniza madzi otentha ndi ozizira imafuna 1 bar kapena kuposa, ndipo ogulitsa akadachita bwino kumawauza makasitomala asanalipire.

Wofuna kukweza nsanja asaiwale kulemera. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 5,000 ikadzaza ndi matani asanu ali pamwamba pa bwalo posewerera ana. Ngati zitsulo ndi maziko sizingapirire, kuli bwino kukulitsa paipi, kusintha mutu wa shawa, kapena kuika kapampu kakang'ono panjira yopita kubafa.