Musanagule sipika ya besi, yambani mwafunsa batire lanu

Nyengo yogulitsa thonje ikafika kuno kwa Mnkhanya, munthu safunika kuuzidwa. Usiku umangomva gu! gu! gu! kucokera ku Masumba mpaka m'midzi. Anyamata akalandira ndalama amakwera basi ya ku Chipata, ndipo pobwera amakhala atasenza cibokosi ca sipika.

Sindikuwadzudzula ai. Nyimbo zimene akonda masiku ano, monga amapiano amene anayambira m'makomboni a ku Johannesburg ndi Pretoria m'zaka za m'ma 2010, zimapangidwa pa kompyuta ndipo mtima wake ndi besi, mau aja ogunda pansi. Kawailesi kakang'ono sikangawatulutse. Koma abale anga, ndalama ya thonje ndi thukuta la caka cathunthu, siyenera kutayika cifukwa ca manambala a pa katoni.

Muphwa wanga anagula sipika yolembedwa mawatsi 5,000. Tsiku loyamba tonse tinavina. Tsiku lacitatu batire la sola linali kutha ana asanamalize kuwerenga, ndipo pasanathe mwezi sipika inayamba kulira ngati cidebe cong'ambika. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Cinsinsi cili pa zilembo zotsatira nambala. Mukaona PMPO, dziwani kuti ndi nambala yokopera wogula cabe. Funani pamene alemba RMS, cifukwa ndiyo mphamvu imene sipika ingapereke mosalekeza. M'cipinda ca nyumba zathuzi, mawatsi 30 mpaka 60 a RMS ndi okwanira.

Caciwiri ndi kukula kwa sipika yeniyeniyo. Mau a pansi amatuluka pamene sipika ikankha mpweya wambiri, conco ifunika kukhala yaikulu, ya mainchesi 8 kapena 10, m'bokosi lolimba lathabwa. Gogodani bokosilo ndi cala. Likamveka lopepuka ngati cigubu, lidzanjenjemera m'malo moimba. Nyali zothwanima siziwonjezera besi.

Cacitatu, ndipo apa ndiye pagona nkhani, besi imadya moto. Batire la mavoti 12 la 100Ah limasunga mphamvu yoyendetsa cinthu ca mawatsi 100 kwa maola 12, koma batire la mtovu silifunika kutsitsidwa kupitirira theka ngati mufuna likhalitse. Ndiye kuti mwatsala ndi maola 6, musanawerengere mababu, mafoni ndi moto wotayika mu invata. Ngati batire lanu ndi la 50Ah, ndi maola atatu basi. Werengani zimenezi muli kunyumba, osati muli kale m'sitolo.

Pogula, tengani foni yanu, muike nyimbo imene muidziwa bwino. Kwezani pang'onopang'ono. Mau a woimba akayamba kubisika kapena kusasa, isiyeni. Mukafika nayo kunyumba, iikeni pafupi ndi ngodya ya cipinda, pamenepo besi imakula yokha osawonjezera moto. Musaiphimbe ndi citenje, pakuti kutentha kwa m'cigwa muno mu Okutobala kumapitirira madigiri 40, ndipo makina osapuma mpweya amapsa.

Tsopano za makutu. Bungwe la zaumoyo la WHO limati munthu wamkulu angamvere phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda ngozi, ndipo phokoso likakwera nthawi imacepa msanga. Ngati mufunika kufuula polankhula ndi munthu amene mwakhala naye pamphasa, tsitsani. Khutu likaonongeka ndi phokoso silibwerera.

Ife a ku Luangwa tiyeneranso kudziwa kuti mau a pansi amapita kutali. Mu 1984 katswiri wina, Katy Payne, anazindikira kuti njovu zimalankhulana ndi mau otsika kwambiri amene khutu la munthu silimva, ndipo mauwo amafika mtunda wa makilomita angapo. Besi yanu nayonso imadutsa zipupa mpaka kwa agogo odwala kutsidya kwa mudzi. Komanso njovu zikabwera usiku kudzathyola nkhokwe, cimene cimatipulumutsa ndi kumva mkuwo ndi zitini za mnansi. Sipika ikamagunda pakati pa usiku, adzamva ndani?

Gulani yolingana ndi nyumba yanu ndi batire lanu, muvine madzulo, ndipo nthawi yogona ikakwana, zimitsani.