Mmene Ndalama za CDF Zingacepetsele Mtengo Wosamalila Ana

Mai wogulitsa pamsika kapena wolima dimba amafuna malo abwino osiyako mwana masana. Masukulu a ana aang'ono oyendetsedwa na anthu wamba amalipilitsa, ndipo mabanja ambili sakwanitsa. Kodi khonsolo imathandiza bwanji?

Mu 2022 boma la Zambia linacotsa malipilo m'masukulu ake, kuyambila kalasi ya ana aang'ono mpaka giledi 12. Koma maphunzilo aulele sathandiza ngati kalasiyo kulibe pafupi. Apa m'pamene Constituency Development Fund, kapena kuti CDF, imagwilila nchito. Caka comweco thumbali linakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dela lililonse la phungu. Ndalamazi zimadzela ku khonsolo, ndipo gawo lalikulu limapita ku nchito za citukuko monga makalasi, zimbudzi, madzi na madesiki.

Pempho limayambila pansi. Anthu amauza komiti ya citukuko ya m'wadi zimene afuna. Komitiyo imapeleka mapempho ku komiti ya CDF, imene imasankha oyenela. Akavomelezedwa, khonsolo imapeza omanga. Aphunzitsi amatumizidwa na Unduna wa Maphunzilo.

Mapempho a zipatala, milatho na misewu amalimbilana ndalama zomwezi. Ngati makolo akhala cete, kalasi ya ana imatsalila. Conco, abale na alongo, pitani ku misonkhano ya m'wadi, lembani ciwelengelo ca ana a zaka 3 mpaka 6 m'dela lanu, ndipo pelekani pempho lolemba.