Nkhalamba ya kanema imene inaphunzitsa achinyamata ku Maputo

Mwa inu owerenga alipo amene akukumbukira Kuxa Kanema, nkhani za mphindi khumi zimene Instituto Nacional de Cinema inkaonetsa, galimoto zikuzungulira nazo m'midzi m'nthawi ya Samora Machel. Zimene zinkaoneka pa chinsalu zinali zitadutsa kale m'manja mwa wodula filimu ndi woika mawu. Ntchito ya awiriwa ndi anthu ochepa amene amaidziwa.

M'chaka cha 1978 kunabwera ku Maputo bambo Jean Rouch a ku França, ali ndi zaka zoposa 60, atajambula kale mafilimu ambiri ku Níger. Anaphunzitsa achinyamata pa Universidade Eduardo Mondlane ndi timakina tating'ono totchedwa Super 8. Cholinga chinali chakuti ajambule m'mawa, adule masana, aonetse madzulo.

Kabokosi kamodzi ka filimuyi kankatha pa mphindi zitatu ndi pang'ono. Kuwononga kunalibe. Akaitsuka filimu, wophunzira ankaiyang'ana powala, n'kudula pamene wasankha, n'kumata zidutswa. Kenako mawu. Phazi la wovina likagunda pansi koma mdidi n'kumveka mochedwa, oonera amaseka. Mawu a mayi wosinja akaphimbidwa ndi mphepo, nkhani yake yatayika.

Koma chachikulu si lumo ayi. Taganizani msonkhano wa malire a munda. Amfumu alankhula ola lathunthu, filimu yasunga mphindi imodzi. Mphindi iti? Wodula akaika nkhope ya munthu woseka pambuyo pa mawu a amfumu, oonera adzati mudzi ukunyoza mfumu yake, chikhalirecho munthuyo ankaseka mbuzi imene inalowa m'bwalo. N'chifukwa chake Rouch anali ndi chizolowezi chobwerera kwa anthu amene anawajambula, kukawaonetsa filimu ndi kumva zonena zawo. Kwa ine, phunziro limeneli linaposa la makina.

Maphunziro a ku Maputo ndiwo anabala Ateliers Varan, sukulu imene inatsegulidwa ku Paris mu 1981. Kwathu kuno zinavuta: nkhondo inatseka misewu, ndipo mu 1991 moto unawononga nyumba ya Instituto. Rouch anamwalira pa ngozi ya galimoto ku Níger mu 2004.

Lero mnyamata wa ku Ulónguè kapena ku Milange amadula kanema pa foni, chala chokha, n'kutumiza pa WhatsApp maliro asanathe. Akakujambulani, abale, mufunseni akuonetseni asanatumize, ndipo mumvetsere bwino mawu amene waika pansi pa nkhope yanu.