Chovala cha Wonenera Mtsinje M'bwalo la Milandu

Anzanga a pa Chipasula, ambiri a inu munaonapo oweruza ndi maloya atavala mikanjo yakuda ndi tsitsi loyera lija lotchedwa wigi. Chovala chimenechi chinachokera ku Mangalande, dziko lozizira, ndipo wigi weniweni amaluka ndi ubweya wa kavalo. M'chaka cha 2019, pozenga mlandu wa chisankho muno mu Lilongwe, kunatentha kotero kuti bwalo linalola onse kuyamba avula zimenezi.

Tsono ine ndifuna kufotokoza za milandu ina, imene wolakwiridwa wake alibe pakamwa. Chaka chomwecho bwalo lalikulu la apilo linagamula kuti boma silinalakwe poletsa majumbo opyapyala, omwe aja atsekereza ngalande ku Kawale ndi ku Biwi. Pamlandu wotere wovulala ndiye mtsinje ndi nthaka. Maiko ena anapitirira apa. Ku New Zealand, mu 2017, lamulo linati mtsinje wa Whanganui uziyesedwa ngati munthu, ndipo anauikira anthu awiri ounenera.

Nanga wonenera mtsinje wa Lilongwe kapena nkhalango ya Dzalanyama, kumene uchokera, angavale chiyani?

Wina adzati avale chiwondo, nsalu ya makolo athu. Iwo ankasenda khungwa la mombo, nalinyika m'madzi, nalisula ndi chibonga mpaka litafewa. Nchokongoladi, koma mombo ukausenda kuzungulira thunthu lonse umauma. Kodi si zamanyazi kupha mtengo kuti ukanenere mitengo? Anzathu a ku Uganda ali ndi mwayi, pakuti mtengo wawo wa mutuba, wa mtundu wa kachere, akausenda amaukulunga ndi masamba a nthochi, khungwa nkumeranso. Zikopa za nyalugwe ndiye sindizitchula nkomwe. Mwini wake angayambe ndiye kulowa m'chitokosi.

Ine ndikadasankha mkanjo wa thonje la ku Salima kapena ku Chikwawa, wopepuka, wolowa mphepo. Ukhale wakuda ndithu, chifukwa bwalo si malo a gule, ndipo woweruza ayenera kumva mawu, osati kucheukira maluwa. Koma m'mphepete mwake asokeremo mzere umodzi: wobiriwira ngati mlandu uli wa nkhalango, wa mtundu wa mtambo ngati uli wa madzi. Atelala a mumsika wa ku Area 23 angausoke tsiku limodzi. Woweruza yekha asavale mzerewo, kuopa kuti woimbidwa mlandu angati waweruzidwa asanatsegule pakamwa.